Kodi mumadziwa? Kabokosi kamene woimba gitala amaponda

Loweruka masana ku Biwi, mukangotalikirana ndi nyundo za amakanika a pa Triangle, khutu limalandiridwa ndi phokoso lina. Uku gulu la matamando likukonzekera za mawa, uko bandi ya paukwati ikuyesa masipika. Tsiku lina mudzasuzumire, koma maso asadzathere pa zala za mnyamata wa gitala ya lidi. Mudzayang'ane pansi. Pamapazi ake pali kabokosi ka mabatani, timagetsi tothwanima, ndi chopondera chonga chija dalaivala amathirira moto. Eni ake amangoti pedal, ena amati ma effects. Ine ndakaponda zaka zingapo, ndipo zimandiwawa ndikamva kabokosi kogulidwa ndi thukuta kakulira ngati wailesi yosowa siteshoni. Nazi zina zimene mwina simunazimvepo.

Kodi mumadziwa kuti kusasa mawu kwa gitala, kuja amati distortion, kunatchuka kudzera m'ngozi? Mu 1951 bandi ya Ike Turner inanyamuka ku Mississippi kupita ku Memphis kukajambula nyimbo ya Rocket 88. Ampu ya woimba gitala wawo, Willie Kizart, inawonongeka panjira. Anaitsendera mapepala kuti sipika igwire, n'kujambula choncho. Mwini situdiyo, Sam Phillips, atamva kusasako anati kukhale momwemo. Pofika 1964 anthu anali atayamba kuchitira dala: Dave Davies wa gulu la The Kinks ku London anatenga lezala n'kucheka sipika ya ampu yake. Lero simufunikanso lezala. Mumangoponda batani.

Kodi mumadziwa kuti kabokosi ka fuzz nako kanabadwa chifukwa cha chipangizo chofa? Ku Nashville, pojambula nyimbo ya Marty Robbins yotchedwa Don't Worry, mbali ina ya mikisa inali yowonongeka, ndipo gitala ya besi ya Grady Martin inatuluka ikulira ngati mavu. Nyimboyo itagulidwa kwambiri mu 1961, injiniya Glenn Snoddy anakonza kabokosi kotulutsa kulira komweko mwadala. Kampani ya Gibson inayamba kukagulitsa mu 1962 pa dzina loti Maestro Fuzz-Tone, koma malonda anali a njomba mpaka 1965, pamene Keith Richards wa Rolling Stones anakaponda m'nyimbo ya Satisfaction.

Kodi mumadziwa kuti kulira kumeneku kunaimbiridwa m'chinenero chathu zaka 50 zapitazo? Sizinali za azungu okha ayi. M'ma 1970 ku Zambia kunabuka chamba cha Zamrock: magulu monga WITCH ya Jagari Chanda, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, Amanaz, ndi Ngozi Family. Paul Ngozi wa ku Lusaka, yemwe dzina lake lenileni linali Paul Nyirongo, ankathira fuzz yochindikala pagitala uku akuimba m'Chinyanja, nthawi zina n'kumakhwatcha nsambo ndi mano. Boma la Kenneth Kaunda litalamula kuti nyimbo zambiri pawailesi zizikhala za m'dziko momwemo, anyamatawa anapeza poyambira. Ngozi anamwalira mu 1989, koma zimbale zake monga Day of Judgement ya 1976 zikusakidwabe ku Ulaya ndi ku America, ndipo WITCH inatulutsanso chimbale chatsopano, Zango, mu 2023. Ndiye mkulu wa mpingo akadzakufunsani kuti kulira kosasaku mwakutenga kuti, yankho lili pafupi: kungodutsa Mchinji.

Nanga chopondera chachikulu chija? Ntchito yake yotchuka ndi wah, yomwe imachititsa gitala kulira ngati khanda lofuna bere. Inatulukiridwa mu 1966 ndi Brad Plunkett ku kampani ya Thomas Organ, ndipo Jimi Hendrix ndiye anaionetsa dziko. Pa mapedal a masiku ano chopondera chomwecho mutha kuchiuza kuti chizikweza ndi kutsitsa mawu, ndipo m'tchalitchi imeneyi ndiye ntchito yaphindu: abusa akayamba kupemphera, mumatsika pang'onopang'ono popanda kuchotsa dzanja pansambo.

Kodi mumadziwa kuti Leo Fender, amene dzina lake lili pa magitala ndi maampu dziko lonse, sankatha kuimba gitala? Anali wokonza mawailesi ku Fullerton, m'chigawo cha California, komwe anatsegula shopu mu 1938. Naye Jim Marshall anali woimba ng'oma wokhala ndi sitolo ku London, ndipo ampu yake yoyamba mu 1962 anaitengera pa Fender Bassman. Ndikamaona amisiri athu a mawailesi m'misika, ataweramira kabolodi ndi chowotcherera m'manja, ndimawapatsa ulemu. Ntchito yonseyi inayambira patebulo longa lawolo.

Kodi mumadziwa kuti kubwereza mawu kuja timakukonda m'nyimbo za reggae poyamba kunkachokera pa tepi yeniyeni? M'makina a Roland Space Echo, omwe anatuluka mu 1974, tepi inkazungulira: mutu wina ukujambula, mitu ina ikuseweranso zomwezo mochedwerapo. Ku Jamaica akatswiri onga Lee "Scratch" Perry anawasandutsa chida choimbira pachokha. Reverb nayo inali ya masipuling'i achitsulo, luso lochokera ku kampani ya ma organ ya Hammond, n'chifukwa chake ampu yakale mukaigunda imalira ngati bingu. Pa pedal yanu mukaona Tape Echo kapena Spring, akutsanzira zimenezi. Kwa ife okulira m'nyimbo za ku Balaka ndi za Black Missionaries a ku Chileka, awa ndi mabatani oyenera kuwadziwa bwino.

Chorus ndi ija imapatsa gitala manzenene, n'kumamveka ngati magitala awiri akuimbira limodzi. Imatenga mawu anu, n'kuwachedwetsa pang'ono zedi, n'kuwagwedeza, kenako n'kuwaphatikiza ndi oyamba aja. Inatchuka ndi ampu ya Roland JC-120 ya 1975, ndipo chaka chotsatira anaiika m'kabokosi kakekake, Boss CE-1.

Kodi mumadziwa kuti kale chilichonse mwa zimenezi chinali ndi kabokosi kake, batire yake ndi chingwe chake? Boss inaziunjika pamodzi mu ME-5 m'chaka cha 1988. Zoom 505 ya 1996 ndiyo inatsitsa mtengo kufika poti mwana wasukulu n'kuilota. Ndiye mu 1998 kampani ya Line 6 inatulutsa POD, kachipangizo kofiira kooneka ndendende ngati nyemba ya chimbamba, komwe sikankangokometsera mawu koma kankatsanzira maampu enieniwo. Kuyambira pamenepo munthu anatha kupita kusitudiyo ampu ili m'chikwama. Lero m'manja mwa anyamata athu mumapezeka Boss, Zoom, DigiTech, komanso za ku China monga Mooer, Nux ndi Valeton, zambiri zobwera ndi abale ochokera ku Joni kapena zogulidwa kwa mnzako amene wapeza ina.

Kodi kutsanzirako kumatheka bwanji? Mkati mwa kabokosiko muli kakompyuta. Mawu a gitala akalowa, kamawayeza maulendo 44,100 pa sekondi imodzi, pa mapedal ena kuposa apo, n'kuwasandutsa manambala. Kenako kamawerengetsa zimene ampu yakale ya mavalavu, timababu totentha tija, ikanachita ndi mawuwo, zimene sipika ikanachita, ngakhale zimene maikolofoni yoikidwa patsogolo pa sipikayo ikanamva. Kakatero kamabweza manambalawo kukhala mawu. Zonsezi zimatha msanga moti kuchedwa kwake kumafanana ndi kuima mita imodzi kapena awiri kutali ndi sipika. Mu 2011 Christoph Kemper wa ku Germany anapita patsogolo: makina ake amatumiza phokoso loyesera mu ampu yeniyeni, n'kumvetsera mmene yayankhira, n'kusunga khalidwe lake lonse.

Kodi mumadziwa chifukwa chake maina a pasikirini amakhala ozungulira? Maina a Fender, Marshall ndi Vox ali ndi eni ake, choncho makampani ambiri amangophiphiritsa. Tweed ndi Fender ya m'ma 1950, dzinalo likuchokera ku nsalu yomwe ankakutira bokosi lake. Brit kapena Plexi ndi Marshall. JC ndi Roland ija ya mawu oyera. Ngati mukufuna mawu anthetemya a rumba, sungura kapena nyimbo zauzimu, yambirani pa JC kapena pa Fender yoyera. Zolembedwa Metal ndi Rectifier zisiyeni kaye.

Tsopano imvani ichi, chifukwa pa zonse ndi chimene chikuwononga nyimbo m'matchalitchi ndi m'maholo athu ambiri. Kodi mumadziwa kuti pedal iyenera kuuzidwa komwe mawu ake akupita? Sipika ya ampu ya gitala mwachibadwa imameza mawu osongoka kwambiri, opitirira kunjenjemera ka 5,000 pa sekondi. Masipika a holo sameza kanthu, ali ndi twita yotulutsa chilichonse. Ndiye mukalumikiza pedal ku mikisa mbali yotsanzira sipika, ija yolembedwa Cab, ili yozimitsa, distortion yanu imalasa m'makutu ngati mafuta otentha mwagwera madzi. Mukalumikiza ku ampu ya gitala Cab ili yoyaka, ndiye kuti mawu adutsa m'masipika awiri, amatuluka ngati munthu akulankhula atafunda bulangete. Lamulo lake n'lalifupi. Ku mikisa kapena ku mahedifoni, Cab iyake, ndipo pa Output musankhe Line. Ku ampu ya gitala, Cab izime. Ndinaonapo mnyamata wina atatsala pang'ono kugulitsa pedal yabwinobwino motchipa, ati ndi feki. Tinangosintha malo amodzi amenewa. Anakhwatcha kamodzi, n'kuyang'ana gitala yake ngati akuiona koyamba.

Kodi mumadziwa kuti ma preset obwera kale m'kabokosi anakonzedwa kuti akope wogula m'sitolo? N'chifukwa chake chilichonse amachithira mopyola: gain (mlingo wa kusasa) wambiri, reverb wambiri, delay wambiri. Munthu ali yekha zimakoma. Mukalowa nazo pakati pa kiyibodi, besi, ng'oma ndi oimba asanu ndi mmodzi, gitala imasowa, inu n'kumangokweza, wa pamikisa n'kumangotsitsa. Zokometserazi zili ngati mchere m'ndiwo. Pa sabata yonse ma patch anayi, makonzedwe a mawu amene mwasunga nokha, amakwana: yoyera ya rizimu, yoyera ya lidi yokhala ndi delay pang'ono, yosasa pang'ono, ndi ya solo. Chachikulu, muwalinganize kukwera kwake. Palibe chodzidzimutsa mpingo ngati kuponda batani pakati pa nyimbo yachete gitala n'kubangula.

Ndipo patch musamaimalizire kuchipinda usiku ndi mahedifoni. Mu 1933 akatswiri awiri a ku America, Harvey Fletcher ndi Wilden Munson, anaonetsa kuti mawu akakhala otsika khutu silimva bwino besi ndi mawu osongoka. Ndiye munthu ukamakonza motsitsa umawonjezera ziwirizi osadziwa, ndipo ukafika pa masipika akuluakulu besi imachita phokoso, pamwamba pakubaya. Kagwireni ntchitoyi pamalo pomwe mukaimbire, mawu ali pamlingo womwe mukaimbire.

Kodi mumadziwa kuti tchalitchi cha malata chopanda siling'i, pansi pa simenti, makoma a pulasitala, chili kale ndi reverb yakeyake? Ombani m'manja kamodzi muli nokha m'katimo, mumve mmene mawu akuchedwera kufa. Mukathiranso Hall Reverb pamwamba pa zimenezo, zala zanu ngakhale zithamange bwanji anthu akumbuyo amangomva chiphokoso chimodzi. M'nyumba zotere tsitsani reverb kufika pafupifupi kuzima. Isungireni ukwati wapanja, pa tenti, pomwe mawu alibe khoma lowabweza.

Kodi mumadziwa kuti delay ili ndi masamu ake? Gawani 60,000 ndi liwiro la nyimbo. Nyimbo ya mabiti 120 pa mphindi ikupatsani 500, ndiwo ma millisecond a biti imodzi. Mukaika 375, kubwereza kumagwa pakati pa manoti anu, ndipo mizere ya sebene imamveka ngati zala zachuluka. Ngati masamu akuchedwetsani, pali batani la Tap: lipondeni motsatira ng'oma kangapo, kabokosi kawerengera kokha. Delay yosemphana ndi woimba ng'oma imasokoneza bandi yonse.

Ndondomeko nayo ili ndi kanthu. Wah ndi compressor zimatsogola, distortion ndi ampu pakati, chorus pambuyo pake, delay ndi reverb kumapeto. Mukaika reverb patsogolo pa distortion, zonse zimasanduka phala.

Kodi mumadziwa kuti pafupifupi pedal iliyonse yotere ili ndi tuner, ndipo imatha kutseka mawu pamene mukutchuna? Onetsetsani kuti yaima pa 440, pomwe kiyibodi nayo imaima. Anthu anabwera kudzapemphera kapena kudzavina, asamamvetsere mukukoka nsambo.

Ichi chokha ndikupemphani muchisunge pamtima. Kodi mumadziwa kuti pedal imaphedwa kawirikawiri ndi adaputa osati ndi kugwa? Mapedal ang'onoang'ono ambiri a Boss ndi Zoom amadya 9V, ndipo kabowo ka pakati pa pulagi yake ndi negative. Maadaputa ambiri a dikoda ndi a rauta ndi a 12V, pakati pali positive. Kukamwa kwake n'kofanana, amalowa bwinobwino. Zinandionekera pa ukwati wina konkuno. Adaputa yanga ndinaiiwala kunyumba, akwati ali panjira, wina n'kuthamanga kukazula ya dikoda kunyumba yoyandikana nayo. Sindinawerenge kanthu, ndinangobaya. Sikirini inaphethira kamodzi, kenako kafungo ka pulasitiki wopserera, basi zii. Ndalama ya miyezi yambiri inathera pamenepo, ndipo ukwati wonse ndinauimba gitala ili yolunjika ku mikisa, mtima uli kwina. Safunsa anadya phula. Tembenuzani pedal, werengani pansi pake, werenganinso pa adaputa: mavoti afanane, kachizindikiro ka pakati kafanane, ndipo ma mA a adaputa asachepere omwe pedal ikufuna. Dziwaninso kuti ena akale, monga POD yofiira ija ndi Boss GT-8, amadya AC osati DC. Ndipo katundu wochokera ku America muziyamba mwaona ngati adaputa yake yalembedwa 100-240V. Ikakhala ya 120V yokha, magetsi athu a 230V aipsereza nthawi yomweyo.

Kodi mumadziwa kuti kung'ung'udza kuja kumamveka m'masipika kuli ndi kiyi yake? Magetsi a ESCOM amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, ndipo G wapansi pa gitala ya besi amanjenjemera maulendo 49. Ndiye kung'ung'udza kwa kuno kuli pafupi ndi G. Ma pickup opyapyala a mtundu wa Stratocaster amakutola msanga, makamaka pafupi ndi ma TV akale, mababu a chubu, kapena pamene wowotcherera zitsulo wayatsa makina ake pa laini yomweyo, zomwe ku Biwi si zachilendo. Seth Lover wa ku Gibson anakonza pickup ya humbucker m'ma 1950 pofuna kupha phokoso lomweli. Pa Stratocaster zambiri, kaswitchi mukakaika pamalo achiwiri kapena achinayi limachepa. Noise gate imathandiza, koma mukaikweza kwambiri imadula michira ya manoti. Mankhwala oyamba ndi kutsitsa gain.

Kodi mumadziwa kuti ena mwa mapedal amenewa safuna n'komwe magetsi a pakhoma? Boss GT-1 ndi Zoom G1 Four zimayenda ndi mabatire anayi a AA, ndipo Zoom imeneyi imalolanso power bank kudzera pa USB. Amene ankaimba mu 2022, namondwe Ana atawononga siteshoni ya Kapichira pa mtsinje wa Shire n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130, akudziwa phindu lake. Ziwiri zonsezi zilinso ndi looper ya masekondi pafupifupi 30: mumajambula rizimu yanu, iyo n'kumazungulira, inu n'kumaphunzira lidi pamwamba pake, usiku, ndi mahedifoni, osadzutsa mwana wa eni nyumba. Koma pa jenereta samalani. Iyambe yalira n'kukhazikika musanalumikize, ndipo magetsi akathima zulani pulagi asanabwerere.

Fumbi la Lilongwe la mu Ogasiti mpaka Okutobala limalowa paliponse. Kukhetchera kuja mumamva mukagwedeza chopondera kapena jaki, nthawi zambiri ndi fumbi kapena chingwe chothyokera mkati. Yesani chingwe china musanaweruze pedal. Mukamaliza kuimba ikulungeni ngakhale m'chitenje. Manambala a ma patch anu alembeni m'kope, kapena muwasunge pakompyuta, poti mnzanu wobwereka Lachisanu amabweza atasintha zonse.

Kodi mumadziwa kuti gulu lina la mumzinda uno lazungulira Ulaya popanda kudalira kabokosi kotere? Madalitso Band, ya Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, inayambira m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni wa nsambo imodzi, gitala ya nsambo zinayi ndi ng'oma yogunda ndi chidendene. Mu 2017 anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera apo zitseko zinatseguka. Ku Zimbabwe, Jonah Sithole ndi Joshua Dube anasandutsa gitala kukhala mbira pongotsamiritsa chikhatho pansambo. Alick Macheso, mwana wa mbumba yochokera kuno, besi yake mumaizindikira isanathe mizere iwiri. Ku Chileka, Daniel Kachamba ankamveketsa besi, rizimu ndi lidi pa gitala imodzi yopanda magetsi. Sindikunena izi ponyoza pedal ayi. Erik Paliani, Mmalawi amene anakonza chimbale cha Hugh Masekela chotchedwa Phola, anafika kumeneko podziwa zala ndi zipangizo zomwe. Ku Area 23, pafupi pomwepa, kuli Music Crossroads komwe achinyamata akuphunzira zoimbaimba mwadongosolo. Chomwe ndikunena n'choti kabokosika kamakuza chimene mwakapatsa. Kakhwatchidwe ka manganje, ka Balaka, ka kwela ya ku Chileka kali m'dzanja lanu lamanja, ndipo pedal yabwino ndi imene yakonzedwa kuti kamveke.

Pa mapedal onse amene ndagwirapo, ndapezamo ma preset a maina a ku Texas, a ku London ndi a ku California. La Balaka, la Chileka kapena la Kawale sindinalionemo, ndipo kufakitale kulibe amene adzatilembere. Achimwene ndi achemwali a magitala, Loweruka likubwerali kafikeni ola limodzi anzanu asanabwere. Sankhani malo amodzi m'kabokosimo, zimitsani zonse, muyambe ndi ampu yoyera yokha. Muziwonjezera chimodzichimodzi, mnzanu ataima kumbuyo kwa holo kukuuzani zomwe zikufika kumeneko. Zikakoma sungani, ndipo pa dzina mulembepo Biwi.